Chitseko cha galimoto mu City Lights: mtsikana wosaona anamuyesa bwanji mphawi kuti ndi mpondamatiki?

Tadala

Akuluakulu a pagulu pano, ndili ndi funso pa City Lights ya Charlie Chaplin, ya 1931. Nkhani yonse yatsamira pa chinthu chimodzi: mtsikana wosaona, wogulitsa maluwa pakona pa msewu, akuganiza kuti mphawi wa kachipewa ndi kandodo uja, amene akuseweredwa ndi Chaplin mwini, ndi munthu wachuma. Anthu salankhula mufilimuyi, mtsikanayo saona, ndipo pokumana koyamba mphawiyo sananene bodza lililonse. Nanga ife oonera timadziwa bwanji zimene zili m'mutu mwa mtsikanayo? Akutinso kachigawo kameneka anakajambula kambirimbiri. Chimavuta chinali chiyani?

Gondwe

A Tadala, tiyambe ndi zimene zikuoneka pa sikirini, motsatana kwake, chifukwa mukasuntha chimodzi zonse zimagwa.

Mphawi akuwoloka msewu wothithikana magalimoto. Waona wapolisi wa panjinga yamoto, ndiye pomuzemba akulowa m'galimoto yapamwamba imene yaima m'mbali, n'kutulukira khomo la mbali inayo. Akutseka chitseko. Mtsikana wakhala chapomwepo ndi dengu lake, wamva, ndipo akutambasula dzanja ndi duwa. Kwa iye wotuluka m'galimoto yotere ndi bwana.

Kenako mphawiyo, ndi ife tomwe, tiyenera kudziwa kuti mtsikanayu saona. Palibe mawu olembedwa onena zimenezo. Duwa likugwa, mphawi akulitola, koma mtsikana akupapasabe pansi n'kufunsa ngati alitola. Mphawi akulionetsa pamaso pake, maso sakutsatira. Basi, tamva.

Ndiye malonda: mtsikana akumuveka duwa pa jekete, iye akupereka kandalama kake. Mtsikana ali mkati mofufuza chenji, mwini galimoto weniweni akufika, akulowa, akumenyetsa chitseko, galimoto ikunyamuka. Mtsikana akuitana cha komwe yalowera kuti abwana adikire chenji chawo. Mphawi ali chiimire pambali pake. Akuyang'ana galimoto, akuyang'ana mtsikana, wazindikira, ndipo akuchoka monyang'ama kuti nsapato zisamveke.

Onani kuti chitseko chikufunika kawiri. Choyamba pachokha n'chofooka: mtsikana akanatha kumva fungo la zovala kapena mmene munthuyo akulankhulira n'kusintha maganizo. Chachiwiri ndicho chikukhomera, chifukwa chikubwera ndi umboni wina: munthu wosiya chenji ndi munthu amene ndalama sizimuwawa.

Nachisale

A Gondwe afotokoza bwino. Nambala imene imatchulidwa pa kachigawoka ndi 342: akuti anakajambula ka 342. Chaplin anakayamba kumayambiriro kwa 1929, kanamukanika kwa masabata, anakasiya n'kumajambula zina, n'kudzakabwerera patapita miyezi yambiri. Sankagwiritsa ntchito sikiripiti yolembedwa mpaka kumapeto. Ankaganizira pamalo pojambulira pomwepo, kamera ikuzungulira, mawa lake n'kuonera zimene zatuluka.

Vuto lake linali ili. Mufilimu yopanda mawu, chilichonse chimene munthu wamva ndi khutu, woonera ayenera kuchiona ndi maso, ndipo ayenera kuona zinthu zitatu: chimene chachita phokoso, munthu akulimva, ndi tanthauzo limene wamvayo walipatsa. Chachitatucho n'chimene chimavuta, chifukwa apa tanthauzo ndi lolakwika, ndipo woonera ayenera kugwira zoona ndi zolakwika nthawi imodzi. Mtsikana akatembenuka msanga chitseko chisanatsekeke, zioneka ngati akuona. Akachedwa, woonera salumikiza kutembenukako ndi chitseko. Akayang'ana mphawi m'maso, zatha. Dzanja la duwa likakwera mofulumira, aoneka ngati wamalonda wokakamiza, chisoni cha oonera n'kuthawa.

Virginia Cherrill, amene anasewera mtsikanayo, anali wa zaka 20 ndipo sanali katswiri wa zisudzo. Chaplin anamusankha chifukwa ankatha kuyang'ana ngati wosaona popanda kutembenuza maso monyansa. Koma ankafuna kuti atengere kayendedwe kalikonse kuchokera kwa iye. Pali zithunzi zimene mnzake Ralph Barton anajambula ndi kakamera kake pamalopo, zimene zinaonetsedwa mu Unknown Chaplin, pulogalamu yofotokoza kagwiridwe kake ka ntchito, ya Kevin Brownlow ndi David Gill mu 1983: Chaplin akusewera yekha gawo la mtsikanayo, kumuonetsa mmene dzanja liyendere, kenako n'kubwerera pamalo pake.

Tadala

Zikomo mayi Nachisale. Komatu ka 342, filimu yake inkachokera kuti? Sizinali zodula?

Zulu

Zinali zodula zedi achemwali, koma situdiyo ya pa La Brea Avenue ku Hollywood inali yake, ndalama zake, ndipo United Artists yofalitsa filimuyo anali mmodzi mwa eni ake kuyambira 1919. Panalibe womuuza kuti wachedwa. Anayamba kujambula mu December 1928, n'kumaliza chakumapeto kwa 1930. Filimu imene inadutsa m'kamera inali pafupifupi mamita 96,000, kupitirira mtunda wa Blantyre kukafika ku Zomba. Imene timaonera ndi pafupifupi mamita 2,500. Ndiye pa mamita 38 kapena 39 alionse, mita imodzi yokha ndiyo inalowa.

Kuti manambalawa amveke: filimu ya 35 mm imakhala ndi timabowo 4 mbali iliyonse ya chithunzi chimodzi, ndipo chithunzi chimodzi chimatenga mamilimita 19. Pa liwiro la zithunzi 24 pa sekondi, mphindi imodzi imadya mamita 27 ndi kachidutswa. Mpukutu umodzi wa mamita 305 umatha pa mphindi 11. Mukati muonere zonse zimene anajambula, mukhala pansi maola pafupifupi 58.

Makamera a nthawi imeneyo, monga Bell & Howell, ankapukusidwa ndi dzanja. Kuzungulitsa handulo kamodzi kunali zithunzi 8, ndiye kawiri pa sekondi ndi zithunzi 16. Wojambula ankasintha liwiro dala. Akajambula pa 18 n'kudzaonetsa pa 24, zonse zimathamanga ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, munthu amaoneka wopepuka, kugwa kumakhala kwachangu. N'chimene chimathandiza pa chigawo cha nkhonya, pamene mphawi akubisala kumbuyo kwa woyimbira, atatu onse akuyenda ngati akuvina. Koma pa chigawo cha maluwa simungathamangitse choncho, dzanja lingachite kunjenjemera. Roland Totheroh, amene anajambulira Chaplin kwa zaka zambiri, ntchito yake ina inali imeneyo, kudziwa liwiro la chigawo chilichonse m'dzanja.

Gondwe

Ndiwonjezere pa mawu a a Zulu. Kusakhala ndi maikolofoni kunali ndi ubwino wake pantchito. Wotsogolera ankatha kulankhula kamera ikujambula: tembenuka, dikira, tsopano kweza dzanja. Mafilimu olankhula oyambirira, The Jazz Singer itatuluka mu October 1927, anatsekera kamera m'kabokosi kuti phokoso lake lisalowe, osewera n'kumaunjikana pafupi ndi maikolofoni yobisidwa. Chaplin anayamba City Lights akudziwa kuti msika wasintha, koma anakana. Mphawi akangolankhula, akhala wa dziko limodzi ndi chinenero chimodzi, pomwe filimu yopanda mawu mumangosintha makadi olembedwa n'kuigulitsa kulikonse.

Komabe sikuti ilibe phokoso. Ili ndi nyimbo zojambulidwa pafilimu pomwepo, ndi maphokoso ochepa osankhidwa: akuluakulu a mzinda potsegulira chipilala koyambirira, mawu awo ndi kulira kwa kachipangizo kopanda tanthauzo, ndiponso wezulo amene mphawi wameza paphwando, akalira ndi ntchirikitchi n'kuitana takisi ndi agalu.

Mbewe

Ine pali pamene ndimasiyana ndi anthu ambiri pa filimuyi. Timakonda kunena kuti mtsikana analakwitsa yekha, mphawi ndi wosalakwa. Koyamba inde. Koma kuyambira pamene wanyang'ama uja, wasankha. Ndipo kutsogolo akuchita kulimbikitsa: akutenga ndalama za mpondamatiki wina amene wadziwana naye n'kugula dengu lonse la maluwa, akumuperekeza kwawo pa Rolls-Royce, akumulola kukhulupirira. Limenelo ndi bodza, ngakhale lachifundo. Ndipo filimu ikudziwa, chifukwa ikumulipiritsa. Kuti bodzalo likhalepo, munthu wosagwira ntchito uja akukasesa mumsewu, akuchotsedwa ntchito chifukwa chochedwa, akulowa m'bwalo la nkhonya n'kumenyedwa, pomaliza akulowa m'ndende. Lendi imene mtsikana ndi agogo ake akuthamangitsidwira m'nyumba ndi madola 22 okha. Kwa mpondamatiki ndi ndalama ya usiku umodzi kumowa, iye akupereka madola 1,000 osaganizira n'komwe. Kwa mphawi madola 22 ndi nthiti zake.

Nachisale

A Mbewe, pa bodza ndikuvomera, koma musaiwale kuti kusazindikirana mufilimuyi kuli pawiri, ndipo kwachiwiriko n'kumene kukuluma. Mpondamatiki, amene anasewera Harry Myers, amamudziwa mphawi akaledzera basi. Usiku ndi mnzake wapamtima amene anamupulumutsa pofuna kudziponya m'madzi, akumukumbatira, kumupatsa galimoto. M'mawa mowa ukatha, samukumbukira, wantchito wa m'nyumba n'kumuponya kunja. Zikuchitika mobwerezabwereza, ndipo kotsiriza, mbava zitamumenya m'mutu, akutsitsimuka apolisi ali pomwepo, osakumbukira kuti ndalama anapereka yekha.

Ndiye mumzinda wonsewo, anthu awiri okha amamutenga mphawi ngati munthu: wina saona, wina waledzera. Aliyense amene maso ake ali bwino, wapolisi, wantchito uja, anyamata ogulitsa nyuzipepala, amaona nsanza n'kugamula. Nkhani ya kusiyana kwa olemera ndi osauka Chaplin sanaiike m'mawu, anaiika m'kapangidwe kameneka. Kumbukiraninso kuti msika wa Wall Street unagwa mu October 1929 akujambula, ndipo pamene filimu inkatuluka, anthu osowa ntchito anali mbwee m'mizinda ya ku America.

Mbewe

Pamenepo sinditsutsa mayi. Ndipo mphawiyo sanamupange mngelo. Ali mu Rolls-Royce, atavala bwino, akuona munthu wataya kachidutswa ka ndudu, akutsika n'kukankha mphawi mnzake amene amati atole, n'kubwerera m'galimoto. Zovala zasintha, njala ndi yomweyo.

Chimwemwe

Pofananiza, onani My Best Girl ya 1927, filimu yomaliza yopanda mawu ya Mary Pickford. Kumeneko zinthu zatembenuka: mwana wa mwini sitolo yaikulu, amene anasewera Charles Rogers, akugwira ntchito mosungira katundu ndi dzina lina, ndipo mtsikana wosauka akumukonda akumuyesa mnzake wapantchito. Kumanga kwake n'kosavuta. Khadi limodzi lolembedwa, kapena chithunzi chimodzi cha mnyamatayo ali kunyumba kwa makolo ake, oonera adziwa chinsinsi. Ndipo choonadi chikaululika, mtsikana akupeza zambiri kuposa zimene ankayembekezera. Mafilimu ambiri a nthawi imeneyo ankayenda njira imeneyi: wolemera wobisala, mapeto ake ukwati.

City Lights inasankha njira yovuta. Wobisalayo ndi wosauka, ndiye choonadi chikafika chikuchotsa, sichikuwonjezera. Ndipo iye mwini ndi amene akulipira opaleshoni ya maso a mtsikanayo kwa dokotala wa ku Vienna, opaleshoni imene idzamuulule. Akuwerengera mtsikanayo nkhani ya dokotalayo m'nyuzipepala, mtsikana n'kusangalala kuti adzamuona, nkhope ya mphawi n'kugwa pang'ono. Kuyambira pamenepo woonera akudziwa kumene tikupita.

Tadala

Tafika pa mapeto tsopano. Amagwira mtima, koma ndikufuna kumvetsa mmene anawamangira.

Gondwe

Anawamanga ndi zipangizo zomwe zija za koyamba: duwa, kandalama, dzanja. Kungoti tsopano zonse zikuchokera mbali imodzi.

Mtsikana akuona, ali ndi shopu yake ya maluwa. Mnyamata wolemera, wooneka bwino, walowa kudzaoda maluwa, mtima wa mtsikana wadumpha, akuganiza kuti mwina ndi uja. Kachigawo kameneka musakadumphe, ndi kamene kakutiuza chithunzi chimene ali nacho m'mutu. Kunja mphawi watuluka m'ndende, buluku long'ambika, anyamata a nyuzipepala akumuseweretsa. Akutola duwa lothothoka m'ngalande. Mtsikana akuonera pawindo, akuseka limodzi ndi ena onse. Mphawi akutembenuka, akumuona kupyola galasi, akuima. Galasi limenelo lili ndi ntchito: akuonana koma sakukhudzana, ndipo malinga ngati sakukhudzana, mtsikana sangamudziwe. Maso amene wagulidwawo sakumuthandiza.

Mtsikana akutuluka ndi duwa latsopano ndi kandalama, monga mmene munthu amachitira ndi wopemphetsa. Mphawi akufuna kuthawa, akulandira duwa ali chapatali. Mtsikana akumugwira dzanja kuti aikemo ndalama, ndipo dzanjalo akulidziwa. Zala zake zikukwera pamkono wa jekete. Makadi olembedwa pamenepa ndi atatu okha, aafupi kwambiri: mtsikana akufunsa ngati ndi yemweyo, mphawi akufunsa ngati tsopano akuona, iye akuvomera. Kenako nkhope ya mphawi pafupi, chala pakamwa, duwa m'dzanja, chithunzi n'kuzilala.

Mukayang'anitsitsa mudzaona kuti dzanja la duwa silili pamalo amodzi. Kamera ikakhala kumbuyo kwake lili m'munsi, ikakhala pankhope lili pakamwa. Munthu amene anabwereza chigawo china ka 342 analisiya choncho, chifukwa anasankha zithunzi zimene nkhope zinatuluka bwino. Wodula filimu aliyense amakumana nazo zimenezi: pakati pa dzanja lolondola ndi nkhope yoona, mumatenga nkhope, chifukwa maso a woonera ali pamenepo.

Nachisale

Ndipo chigawo chimenecho chinatsala pang'ono kukhala cha munthu wina. Mu November 1929 Chaplin anachotsa Cherrill, n'kuyesa Georgia Hale wa mu The Gold Rush pa mapeto omwewa. Zithunzi zoyeserazo zilipo mpaka lero. Ataona kuchuluka kwa zimene akanabwereza, anamuitananso Cherrill, amene anabwera malipiro atakwera kuchoka pa madola 75 kufika 150 pa sabata. Mpondamatiki nayenso anali atasinthidwa: Henry Clive anakana kulowa m'madzi ozizira a dziwe la m'situdiyo, n'kuchotsedwa.

A Mbewe, inu mumati mapetowa ndi osangalatsa kapena ayi?

Mbewe

Ndimati ayi, ngakhale ena amati inde. Onani nkhope ya mtsikana: muli kuthokoza, muli chisoni, mulinso kugwa kwa maloto. Sakumusiya dzanja, n'zoona, akulikokera pachifuwa. Koma kuthokoza si chikondi, ndipo iye tsopano ndi mwini shopu. Wakwera, ndipo amene wamukweza watsala pansi. Chaplin akudula filimu funso lisanayankhidwe chifukwa yankho lililonse likanakhala lonama kapena lankhanza.

Chimwemwe

Ine ndimaona kuti chimene mphawi ankaopa si kukanidwa, koma kuonedwa. Ndipo waonedwa, dzanja lake lidakagwiridwabe. Kwa munthu amene filimu yonse akuponyedwa kunja, chimenecho si chaching'ono.

Tadala

Funso lomaliza ndi la ntchito. Munthu akafuna kuionetsa pagulu, kusukulu kapena kuholo, asamale chiyani?

Zulu

Choyamba mawonekedwe a chithunzi. Mzere wa nyimbo unadya malo m'mbali mwa filimu, ndiye chithunzi chake n'chotsala pang'ono kufanana mbali zonse, pafupifupi 1.19 m'lifupi pa 1 m'litali. Ngati nsalu yanu ndi mamita 2 kutalika, chithunzi chikhala mamita 2.4 m'lifupi. Pa TV kapena pulojekita ya 16:9 pazikhala mizere yakuda kumanzere ndi kumanja, ndipo muisiye. Mukatambasula kuti chidzaze, anthu anenepa pafupifupi ndi theka. Mukachita zoom, mutaya gawo limodzi mwa magawo atatu a kutalika, mitu ndi mapazi n'kudulidwa, pomwe Chaplin amasewera ndi thupi lonse. Kunyang'ama kuja kuli m'mapazi.

Chachiwiri liwiro. Mafilimu ena akale opanda mawu amafunika kuwachedwetsa, koma iyi ayi, ndi ya 24 chifukwa cha nyimbo zake. Kutalika kwake ndi mphindi 87. DVD ya PAL, monga zochokera ku Britain kapena ku South Africa, imayenda pa 25, ndiye imatha pa mphindi 83 kapena 84, nyimbo n'kukwera pang'ono. Si kuti yadulidwa. Zimitsani chija cha pa TV chosalaza kayendedwe, chimawonjezera zithunzi zabodza pakati n'kuwononga chigawo cha nkhonya. Kuwala musakukweze kwambiri: zakuda zikasanduka zotuwa, zigawo za usiku za m'mphepete mwa madzi zimafa.

Chachitatu masipika. Musaike nyimbo zanu. Chaplin sankadziwa kulemba manotsi, ankang'ung'udza, Arthur Johnston n'kumalemba, Alfred Newman n'kutsogolera oimba, ndipo nyimbo zinayezedwa ndi kayendedwe ka pa sikirini. Nyimbo ya mtsikana wa maluwa si yake: ndi La Violetera ya José Padilla wa ku Spain, amene anamusumira chifukwa chosatchulidwa dzina, n'kuwina. Imabwera nthawi iliyonse mtsikanayo akaoneka kapena akakumbukiridwa, ndiye ikugwira ntchito ya mawu.

Gondwe

Pa makadi olembedwa: ngati pali ana kapena anthu osamva Chingerezi, pakhale munthu mmodzi wowerenga m'Chichewa khadi likangotuluka, n'kukhala chete likachoka. Tazolowera omasulira a m'mavidiyo sho amene amalankhula kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo pa mafilimu ena zimakoma. Ngakhale ku Japan nthawi ya mafilimu opanda mawu kunali akatswiri otere, otchedwa benshi. Koma pa iyi wowerenga asafotokoze zimene zikuchitika. Akangonena kuti mtsikanayu saona duwa lisanagwe, walanda oonera chinthu chimene anayenera kutulukira okha limodzi ndi mphawi. Wowerengayo aonere filimu kawiri tsiku lisanafike, alembe makadi onse papepala motsatana, chifukwa ena sakhalitsa pa sikirini.

Nachisale

Kope lake musankhenso bwino. Zambiri za pa intaneti ndi zokopera pa zokopera, zodulidwa m'mbali, zina nyimbo zinasinthidwa. Makope abwino alipo chifukwa Chaplin ankasunga yekha manegetivu ake. Anzake ambiri sizinawayendere choncho: filimu ya nthawi imeneyo inali ya nitrate, imene imayaka ngakhale muithire madzi ndipo imawola yokha ikasungidwa potentha kapena pachinyezi. Kafukufuku wa Library of Congress wa 2013 anapeza kuti pafupifupi 70 pa 100 alionse a mafilimu aatali opanda mawu a ku America anatayikiratu.

Umwini wa City Lights uli m'manja mwa kampani ya banja la Chaplin, Roy Export. Ku America zaka 95 za filimu ya 1931 zikutha kumapeto kwa 2026, koma dziko lililonse lili ndi lamulo lake, ndipo nyimbo ndi makope okonzedwanso amatha kukhala ndi umwini wawowawo. Ngati mukulipiritsa pakhomo, a Tadala, yambani mwafunsa ku COSOMA, kapena ku bungwe loona za umwini m'dziko limene muli, musanasindikize zoitanira anthu.